Kutha Msinkhu ndi Chiyambi Chabe cha Kukula

Pa tsiku la sikelo amayi oyembekezera amalawirira m'mamawa kupita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, nakhala pamzere pakhonde, aliyense buku lake lili m'manja. Pakati pa amayiwo sipalephera kupezeka mtsikana wamng'ono wodzifunditsa chitenje, atazyolika, ndipo pambali pake pali azakhali kapena agogo ake amene amuperekeza. Anamwino akafunsa zaka zake, yankho limakhala 15 kapena 16. Akafunsanso chimene chidamuchotsa pasukulu, womuperekeza uja amayankha mosakayika konse kuti, "Anesi, mwanayutu adakula kale dzinja lija."

Mawu akuti "adakula" amatanthauza kuti mtsikanayo adayamba kusamba. Kwa anthu ambiri, tsiku limene mwana wagwa pansi ndilo tsiku limene ubwana wake watha, kotero kuti za banja ndi za uchembere zikhoza kuyambika. Zotsatira za maganizo amenewa zimaoneka poyera. Kafukufuku wa zaumoyo amene adachitika m'dziko lonse la Malawi m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi pathupi poyamba.

Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikamasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, nthawi yokolola ikadali kutali. Chimafunabe mvula, dzuwa ndi masabata angapo kuti maso ake akhwime, ndipo wochithyola msanga amapeza madzi okhaokha. Thupi la munthu nalonso limatero. Kutha msinkhu kumatenga zaka zingapo, ndipo msambo woyamba wa mtsikana kapena kusintha kwa mawu a mnyamata kumangosonyeza kuti ntchitoyo ili m'kati. Kholo lodziwa zimene zikuchitika m'thupi la mwana wake pa zaka zimenezi likhoza kumulangiza bwino ndi kumupewetsa ngozi.

CHIMENE CHIMAYAMBITSA KUSINTHAKU

Ngakhale kuti kusintha kumaonekera pachifuwa, m'chiuno ndi kumaliseche, gwero lake lili m'mutu. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo, kamene madokotala amakatcha pituitary. Nthawi ikakwana ubongo umadzutsa kachiwalo kameneka, ndipo iko kamayamba kuthira m'magazi timadzi totchedwa mahomoni. Mahomoni ali ngati amithenga a mfumu, pakuti amayenda ndi magazi kukafikitsa lamulo kumene likufunika. Mwa mtsikana uthengawo umafika ku nkhokwe za mazira, zimene zimayamba kupanga mahomoni a chikazi otchedwa estrogen ndi progesterone. Mwa mnyamata umafika ku machende, amene amayamba kupanga homoni ya chimuna yotchedwa testosterone. Mahomoni amenewa ndiwo amasintha thupi lonse.

Atsikana ambiri amayamba kusintha ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 13, pamene anyamata amayamba pakati pa zaka 9 ndi 14. Nchifukwa chake m'kalasi ya Sitandade 5 kapena 6 atsikana amaoneka aatali kuposa anyamata obadwa nawo chaka chimodzi, koma patapita zaka ziwiri kapena zitatu anyamatawo amawapitirira. Nthawi yoyambira imatengera kumtundu ndiponso chakudya. Mwana amene amadya mosakwanira kapena amadwaladwala amachedwa kutha msinkhu. Ana awiri a zaka zofanana akhoza kusiyana ndi zaka zitatu kapena zinayi poyamba kusintha, onse ali bwinobwino, motero palibe chifukwa chofunira mankhwala ofulumizitsa.

ZIWALO ZOBEREKERA ZA MKAZI

Ziwalo zambiri zoberekera za mkazi zili m'kati, mmunsi mwa mchombo, ndipo zimatetezedwa ndi mafupa a m'chiuno. Pakati pali chiberekero, chimene ndi thumba la minofu yolimba looneka ngati peyala laling'ono lozondoka, lotalika masentimita 7 kapena 8. Kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo, kumbuyo kwake kuli thumbo lotulutsira chimbudzi. Ngakhale kuti nchaching'ono chotero, chiberekero chimatha kufutukuka mpaka kusunga mwana wolemera makilogalamu 3 kapena kuposerapo. Kunsi kwake kuli khomo la chiberekero, limene limatsegukira m'njira yodzera mwana. Njira imeneyi ndiyo imatulutsa magazi a msambo, imalandira umuna, ndiponso ndimo mmene mwana amadzera pobadwa. Mkodzo uli ndi kanjira kakekake kamene kali chakutsogolo.

Kumanja ndi kumanzere kwa chiberekero kuli nkhokwe ziwiri za mazira, iliyonse yaikulu ngati mutu wa chala chachikulu cha kudzanja. Chodabwitsa nchakuti mwana wamkazi amabadwa ali ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Ambiri amafota okha iye akadali mwana, kotero kuti pofika nthawi yotha msinkhu amatsala 300,000 kapena 400,000. Mwa amenewa, mazira 400 kapena 500 okha ndiwo amakhwima ndi kutuluka pa moyo wake wonse. Dzira lililonse ndi laling'ono kwambiri, ngati kadontho ka nsonga ya singano. Pafupi ndi nkhokwe iliyonse pamayambira kachubu kotalika masentimita 10 kapena 12 kopita ku chiberekero, ndipo m'kachubu kameneka ndimo mmene dzira limakumana ndi mbewu ya mwamuna.

Chizindikiro choyamba mwa atsikana ambiri ndi kuphuka kwa mabere. Kawirikawiri bere limodzi limatsogola, limakhala ndi kabulu kolimba kunsi kwa nsonga yake, ndipo limapweteka likakhudzidwa. Zimenezi si matenda ayi. Kenaka tsitsi limamera pachinena ndi m'khwapa, msinkhu umathamanga, chiuno chimatambasuka, thukuta limayamba fungo ndipo ziphuphu zimatuluka kumaso. Miyezi ingapo msambo usanayambe, mtsikana amaona chikazi choyera kapena chonga madzi pa chovala chake cham'kati. Msambo woyamba umabwera patapita zaka ziwiri, kapena ziwiri ndi theka, chiphukire mabere.

KODI MSAMBO NCHIYANI?

Mwezi ndi mwezi chiberekero chimakonza malo olandirira mwana. M'kati mwake mumayalidwa timinofu tofewa todzaza ndi magazi, monga momwe mayi amayalira mphasa poyembekezera mlendo. Pa nthawi yomweyo dzira limodzi limakhwima m'nkhokwe, nkutuluka kulowa m'kachubu. Likapanda kukumana ndi mbewu ya mwamuna limafa, ndipo patapita masiku pafupifupi 14 zoyalidwa zija zimayalulidwa nkutuluka pamodzi ndi magazi. Umenewu ndiwo msambo. Motero magazi a msambo sachokera pa bala, ndiponso alibe poizoni. Ndi magazi omwewo a m'thupi, osakanikirana ndi timinofu ta m'chiberekero.

Kusamba kumatenga masiku 2 mpaka 7, ndipo magazi onse otayika amangokwana masipuni aakulu 2 mpaka 5. Powerenga kuchokera tsiku loyamba la msambo wina kufikira tsiku loyamba la msambo wotsatira, amayi ambiri amapeza masiku a pakati pa 21 ndi 35. Kwa namwali amene wangoyamba kumene masiku amasinthasintha, ndipo mwezi wina ukhoza kudumphidwa, chifukwa mahomoni amakhala asanakhazikike. Zimenezi zimalongosoka zokha m'zaka ziwiri kapena zitatu. Kupweteka kwa m'mimba ndi msana kumadza chifukwa chiberekero chimadzifinya potulutsa magaziwo. Kuthowa pamimba ndi nsalu yofunda, kuyendayenda, ndiponso mankhwala opha ululu a kuchipatala zimathandiza.

Namwali ayenera kusintha nsalu kapena mapadi katatu kapena kanayi pa tsiku, kusamba m'thupi, kuchapa nsaluzo ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa kufikira zitaumitsitsa. Nsalu yobisidwa kunsi kwa mphasa kapena yoyanikidwa kumdima chifukwa cha manyazi imasunga chinyontho ndi tizilombo toyambitsa kuyabwa. Popeza mtsikana amataya magazi mwezi uliwonse pamene thupi lake likukulanso, amafuna zakudya zowonjezera magazi monga nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani, usipa, matemba, mazira ndi chiwindi, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe. Mtsikana amene ali kumwezi, ngati wadzisamala bwino, alibe chifukwa chojombera kusukulu.

ZIWALO ZOBEREKERA ZA MWAMUNA

Ziwalo zambiri za mwamuna zili kunja. Machende awiri ali m'thumba lolendewera kunja kwa thupi, ndipo pali chifukwa chake, pakuti mbewu zimapangika bwino pamalo ozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3 kusiyana ndi m'kati mwa thupi. Kukazizira thumbalo limakwinyika kuti machende ayandikire thupi, ndipo kukatentha limalendewera. Kawirikawiri tchende la kumanzere limatsika pang'ono kuposa linzake, ndipo pamenepo palibe cholakwika.

Kusiyana ndi mkazi amene amabadwa ndi mazira ake, mwamuna amayamba kupanga mbewu akatha msinkhu, ndipo amapanga mamiliyoni ambiri tsiku ndi tsiku kufikira ukalamba. Mbewu imodzi imatenga miyezi yoposa iwiri kuti ipangike. Ikatero imalowa m'kachubu kopindikapindika kamene kali kuseri kwa tchende lililonse. Kachubu kameneka, kataongoledwa, kakhoza kutalika mamita 6, ndipo mmenemo mbewu zimakhwima ndi kupeza mphamvu zosambira. Kuchokera pamenepo zimakwera m'machubu ena awiri olowa m'kati mwa chiuno, kumene zimasakanikirana ndi madzi ochokera m'timatumba tiwiri ta kuseri kwa chikhodzodzo ndiponso m'chiwalo chotchedwa prostate. Madzi amenewa pamodzi ndi mbewu ndiwo umuna. Umuna wotuluka nthawi imodzi kawirikawiri sudzaza sipuni ya tiyi, komabe mmenemo mumakhala mbewu mamiliyoni makumimakumi kapena mazanamazana. Umuna ndi mkodzo zimadzera njira imodzi ya m'chida cha abambo, koma sizitulukira pamodzi, chifukwa umuna ukamatuluka khomo la chikhodzodzo limatsekeka.

Chizindikiro choyamba mwa mnyamata, chimene makolo sachiona, ndi kukula kwa machende. Pambuyo pake tsitsi limamera pachinena, chida chimakula, ndipo msinkhu umathamanga kwambiri cha m'ma zaka 13 ndi 14, nthawi zina masentimita 9 kapena 10 pa chaka chimodzi. Mapewa amatambasuka, kholingo limakula, ndipo mawu amasweka asanakhazikike pa mawu aakulu a chimuna. Ndevu zimabwera kumapeto. Pafupifupi theka la anyamata amatupa timabere pang'ono pa zaka zimenezi. Mwa ambiri timabereto timaphwa tokha pasanathe zaka ziwiri, ndipo sitiyenera kufinyidwa kapena kutemeredwa mphini.

Kutulutsa umuna kutulo nakonso nkwachibadwa. Sikufooketsa thupi, sikudza ndi afiti, ndiponso sikutanthauza kuti mnyamatayo ayenera kupeza mkazi. Mbewu zimene sizinatuluke thupi limazisungunula lokha, motero palibe mnyamata amene amadwala msana kapena kupenga chifukwa chodziletsa.

MMENE PATHUPI PAMAYAMBIRA

Kwa zaka zambirimbiri anthu a mitundu yonse sadadziwe chimene chimachitika m'mimba mwa mayi pachiyambi penipeni. M'chaka cha 1677 munthu wina wa ku Holland, Antonie van Leeuwenhoek, adalemba za mbewu za mwamuna ataziona pa galasi lokuza zinthu limene adapanga yekha. M'chaka cha 1827 Karl Ernst von Baer adapeza dzira m'nkhokwe ya galu wamkazi, ndipo zidadziwika kuti zolengedwa zoyamwitsa, kuphatikizapo anthu, nazonso zili ndi mazira. Lero nzodziwika kuti mwana amayamba pamene mbewu imodzi yokha yalowa m'dzira limodzi m'kachubu muja. Dziralo limayenda masiku angapo kutsikira m'chiberekero, nkukhazikika pa zoyalidwa zija, ndipo msambo umaima.

Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24, koma mbewu za mwamuna zikhoza kulidikira m'thupi la mkazi mpaka masiku 5. Chifukwa cha chimenechi masiku otenga pathupi ndi ochulukirapo kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo kwa namwali amene masiku ake akusinthasintha nkovuta kuwawerenga. Mtsikana akhoza kutenga pathupi pa ulendo woyamba weniweniwo wogona ndi mwamuna. Popeza dzira limatuluka msambo usanabwere, akhozanso kutenga pathupi asanaonepo msambo ndi kamodzi komwe. Kusamba m'thupi, kukodza kapena kudumphadumpha pambuyo pake sikuletsa kanthu. Mnyamata wa zaka 13 kapena 14 amene wayamba kutulutsa umuna nayenso akhoza kupereka pathupi.

Mwana amalandira theka la chibadwa chake kwa mayi ndi theka kwa bambo, kudzera m'timaulusi totchedwa chromosome, 23 ta m'dzira ndi 23 ta m'mbewu. Dzira lililonse limanyamula kaulusi kotchedwa X, pamene mbewu za mwamuna zina zimanyamula X, zina Y. Ikalowa ya X mwana amakhala wamkazi, ikalowa ya Y amakhala wamwamuna. Katswiri wina wamkazi wa ku America, Nettie Stevens, ndi mmodzi mwa amene adatulukira zimenezi m'chaka cha 1905. Chotero mayi wobereka ana aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha alibe mlandu, ndipo bambo nayenso sachita kusankha. Banja likasowa mphatso ya ana nkulakwa kuloza chala mkazi yekha, pakuti pa theka la mabanja otere mwamuna amakhala ndi gawo pa vutolo. Chimodzi mwa zinthu zimene zimatseka machubu a amuna ndi a akazi omwe ndi matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono, amene munthu adatenga pa ubwana wake nkusalandira mankhwala oyenera.

THUPI LIKADALI PA NTCHITO

Msambo woyamba ukabwera, ntchito yomanga thupi imakhala isanathe. Mtsikana amatalikabe masentimita 5 mpaka 7, ndipo mafupa a m'chiuno, amene amapanga mpata wodzera mwana, amapitirira kutambasuka kwa zaka zingapo ngakhale msinkhu utayamba kuima. Mafupa onse a m'thupi amalimbabe kufikira zaka za m'ma 20. Mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kulingalira za mawa ndi kudzigwira ndiyo imakhwima pomalizira, cha m'ma zaka 25. Nchifukwa chake anyamata ndi atsikana a msinkhu umenewu amapsa mtima msanga, amachita manyazi ndi matupi awo, ndipo amatengeka mosavuta ndi anzawo. Thupi limaoneka la munthu wamkulu pamene nzeru zikadali panjira.

Mtsikana akatenga pathupi thupi lisanakhwime, iye ndi mwana wa m'mimbayo amalimbirana chakudya chimodzi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti amayi a zaka 10 mpaka 19, poyerekeza ndi a zaka 20 mpaka 24, amagwidwa kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi kofikitsa pokomoka ndiponso matenda a m'chiberekero akangochira. Ana awo ambiri amabadwa masiku asanakwane kapena ochepa pa sikelo.

Ngozi ina yomvetsa chisoni imadza pamene mutu wa mwana wakanika kudutsa pa mpata wa mafupa. Matenda a kubereka amatenga masiku awiri kapena atatu, mutuwo uli chipanikizire chikhodzodzo pa fupa. Minofu yopanikizikayo imasowa magazi nkufa, ndipo pamatsala bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yodzera mwana. Kawirikawiri mwana amabadwa wakufa, ndipo mayi amatsala akukha mkodzo usana ndi usiku, nthawi zina ndi chimbudzi chomwe. Amenewa ndiwo matenda a fistula. Akhoza kugwera mayi wa msinkhu uliwonse amene wachedwa kufika kuchipatala, koma atsikana aang'ono ndiwo ali pangozi yaikulu. Kukanika kubereka sikudza chifukwa cha kulodzedwa kapena kusakhulupirika m'banja monga ena amanenera, ndipo maola amene amatayika poumiriza mtsikana kuti aulule ndiwo akadamupulumutsa. Fistula imachizika ndi opaleshoni, ndipo pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera osokera amayi otere. Komabe kupewa kumaposa kuchiza.

Khomo la chiberekero la mtsikana nalonso limakhala lanthete, motero tizilombo ta HIV ndi ta HPV timalowa mosavuta. HPV ndi kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri muno m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. M'chaka cha 2019 boma lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Katemerayu amagwira bwino ntchito akaperekedwa mtsikana asanayambe kudziwa mwamuna, ndipo saletsa kubereka.

MALANGIZO A KUMUDZI

Makolo akale sadalekerere ana pa nkhani imeneyi. Adaika anamkungwi, aphungu, azakhali ndi atsibweni kuti azilangiza anamwali za ukhondo, ulemu ndi kudzisunga, ndipo mipingo nayonso ili ndi chilangizo chake. Zambiri mwa zimenezi nzabwino ndipo nzoyenera kusungidwa. Chovuta nchakuti malangizowo amafika mochedwa. Atsikana ambiri amaona magazi asanauzidwe kanthu, nayesa kuti avulala kapena alodzedwa, ndipo ena amabisa kwa miyezi. Anyamata ambiri sauzidwa chilichonse, kotero kuti amatola nzeru kwa anzawo kubusa, kumpira kapena pa foni. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwana sangafunse ngati akudziwa kuti akatsegula pakamwa akalipiridwa.

Palinso miyambo ina imene imaika moyo pachiswe. M'madera ena anamwali otuluka kuchinamwali amauzidwa kuti akasase fumbi, ndiko kugona ndi mwamuna, poopa kuti khungu lingatuwe kapena angadwale. Matenda otere kulibe. Chimene namwali amatola kumeneko ndi pathupi posayembekezera, chindoko, chinzonono ndi HIV. Chimodzimodzinso mawu akuti ululu wa msambo umatha mtsikana akayamba kugona ndi amuna ngabodza.

M'madera a m'mbali mwa nyanja, mitsinje ndi madambo, mnyamata akamakodza magazi ena amayesa kuti ndiko kukula. Amenewo ndi matenda a likodzo, ochokera ku tizilombo tokulira m'nkhono za m'madzi. Likodzo limawononga chikhodzodzo, ndipo limafikanso ku ziwalo zoberekera za amuna ndi akazi omwe. Mankhwala ake, otchedwa praziquantel, amapezeka kuchipatala.

NTHAWI YOPITA KUCHIPATALA

Kusintha kwambiri kwa pa zaka zimenezi sikufuna mankhwala. Komabe makolo apite ndi mwana kuchipatala akaona chimodzi mwa zinthu izi:

1. Mtsikana waphuka mabere asanakwane zaka 8, kapena mnyamata wayamba kusintha asanakwane zaka 9.

2. Mtsikana wakwana zaka 13 mabere asanaphuke, kapena zaka 15 asanayambe kusamba, kapena mnyamata wakwana zaka 14 popanda kusintha kulikonse.

3. Msambo ukupitirira masiku 7, nsalu ikudzaza pa ola limodzi kapena awiri, kapena mtsikana akumva chizungulire ndipo m'manja ndi m'zikope muli mbuu.

4. Msambo waima miyezi itatu, kapena wadumpha mwezi umodzi mtsikana atagona ndi mwamuna.

5. Ululu wa msambo ukumugoneka pansi, kapena m'mimba mukupweteka mwezi ndi mwezi koma magazi osatuluka.

6. Tchende layamba kupweteka mwadzidzidzi ndi kutupa. Pamenepa mnyamata athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa tchende likapotokola likhoza kufa pakangopita maola 6.

7. M'thumba muli tchende limodzi lokha, kapena muli chotupa.

8. Kumaliseche kuli zilonda, mafinya, kuyabwa kapena fungo, kapena mkodzo uli ndi magazi.

9. Mwana wagwiriridwa. Afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV ndi pathupi.

Zipatala zambiri zili ndi tsiku kapena chipinda cha achinyamata, kumene mnyamata kapena mtsikana akhoza kufunsa mwachinsinsi za thupi lake, za makondomu ndi za njira zolera, popanda womunyoza.

UDINDO WA AKULUAKULU

Malamulo a dziko lino amagwirizana ndi zimene a zaumoyo amaphunzitsa. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maukwati lonena kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisatsegule mpata kwa mwana wochepera pamenepo. Kuyambira m'chaka cha 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Ku Dedza, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto idatchuka kutali chifukwa pofika chaka cha 2016 idali itathetsa maukwati a ana oposa 800 ndi kubwezera anawo kusukulu.

Koma lamulo silingalowe m'nyumba iliyonse, motero ntchito yaikulu ili m'manja mwa makolo. M'mera mpoyamba. Mtsikana wa zaka 9 kapena 10 ayenera kuuzidwa za msambo usanamufikire, ndi kusonyezedwa kavalidwe ndi kachapidwe ka nsalu. Mnyamata wa zaka 11 kapena 12 ayenera kumva kwa atsibweni kapena agogo ake aamuna za kusintha kumene kukubwera, za ukhondo wa kumaliseche, ndiponso kuti pathupi pamene angapereke ndi katundu wake yemwe, osati wa mtsikana yekha. Kumene mwambo sulola kholo kukamba ndi mwana wake nkhani za mseri, kholo lisankhe munthu wodalirika amene akudziwa zoona. Anamkungwi nawonso akhoza kuitana namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzathandize kutsimba, kuti mwambo ndi chipatala zilankhule mawu amodzi.

Mtsikana amene wakhala kale pamzere wa sikelo asanyozedwe. Apitirize sikelo mosadumphitsa, adye bwino, akadikirire ndi kuchirira kuchipatala, ndipo mwana akakulako abwerere kusukulu. Koma kunyumba kumene wachokera kuli mng'ono wake amene mabere angoyamba kuphuka, ndi mlongo wake amene mawu ayamba kusweka. Azakhali ndi agogo amene amamva phunziro la zaumoyo pakhonde la chipatala akabwerera kumudzi, awaitane ana amenewo, akhale nawo pansi, ndi kuwafotokozera zimene zikubwera nthawi ikadalipo.